Kalata kwa Nduna ya Zachilungamo, Aphungu ndi Makhansala a Zomba: Malamulo a Atsamunda Akadali M'misewu Yathu

Olemekezeka a Nduna ya Zachilungamo, akuluakulu a bungwe lounika malamulo la Law Commission, aphungu a Nyumba ya Malamulo, a Meya ndi makhansala a mzinda wa Zomba,

Ndakulonjerani nonse mwaulemu. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Chinamwali, ndipo ndinabadwira m'tauni ino bwanamkubwa akadali m'nyumba yake ija m'tsinde mwa phiri. Ndilibe mpando uliwonse wondipatsa mphamvu zokulemberani kalata, koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

M'sutikesi yanga muli kachitini ka fodya kamene anandisiyira agogo anga aamuna. Iwowa anali khukhi wa mzungu wina wa ku maofesi a boma, kumtunda uku kumene kuli nyumba za njerwa ndi mitengo ikuluikulu. M'kachitinimo mulibe ndalama, mulibe mendulo. Muli zitupa za msonkho, chilichonse chopindidwa kanayi, m'mphepete mwake mutada ndi thukuta chifukwa ankayenda nazo m'thumba la malaya. Pansi pa zitupazo pali kapepala kong'ambidwa m'kope, kolembedwa mizere itatu m'Chingerezi ndi dzanja la bwana wawo, konena kuti mwini kapepalaka ndi wantchito wake ndipo akupita kwawo. Agogo sankadziwa kuwerenga. Chimene ankadziwa n'chakuti akamaliza kutsuka mbale za chakudya chamadzulo n'kuyamba kutsetsereka mumdima, kapepalako ndi kamene kankawayankhira asikari akawaimitsa. Mawu a pakamwa pawo, munthu wamkulu wa ana asanu ndi mmodzi, sankakwanira.

Kachitinika ndinakatsegulanso posachedwapa chifukwa cha mwana wa mchemwali wanga. Iyeyu ndi mayi wa ana atatu, amakazinga mandasi. Amakanda madzulo, amadzuka 3 koloko, kuti minibasi zoyamba zikamadzaza akhale atafika kale ndi beseni lake. Tsiku lina anakumana ndi amuna ovala yunifomu. Sinditchula kumene amagwira ntchito, chifukwa kalata ino si yokaneneza munthu. Anamufunsa kumene ankapita nthawi imeneyo. Iye anatula beseni, n'kuvundukula chitenje, nthunzi ya mandasi n'kutuluka. Anati umenewo si umboni, atulutse chiphaso. Chiphaso chanji, iwonso sananene. Anamukhazika pansi m'mbali mwa msewu pamodzi ndi mnyamata wa kabaza ndi bambo wina wochokera kolondera, mpaka kunja kutayera. Anamusiya atamasula mfundo ya pachitenje n'kupereka ndalama ya mpamba, lisiti osapatsidwa. Mandasi anali atazizira, minibasi zitapita. Pobwera kudzandiuza sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Amalume, lero anandigwira vakabu," ngati mmene munthu anganenere kuti mvula inamupeza panjira. Kufatsa kwakeko ndi kumene kunandisowetsa tulo, chifukwa ndi momwemonso mmene agogo ankasimbira za asikari aja.

Mawu akuti vakabu si a makolo athu. Ndi lilime lathu chabe limene linapinda mawu a Chingerezi akuti vagabond, amene ali m'gawo 184 la Penal Code, buku lathu la milandu ndi zilango. Bukuli linavomerezedwa kuno ku Zomba mu 1929, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1930. Koma gawo limeneli muzu wake uli kutali kwambiri, m'lamulo la ku England la 1824, limene linalembedwa nkhondo za Napoleon zitatha, pamene misewu ya kumeneko inadzaza ndi asilikali ochotsedwa ntchito ndi anthu osowa pogona. Lamulo lothamangitsa amphawi a ku London linawoloka nyanja, n'kudzakhala ndodo yothamangitsira anthu akuda m'matauni a Nyasaland. Linkati munthu wopezeka pamsewu, kapena pafupi ndi nyumba, panthawi ndi m'njira yopangitsa wina kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa, ndi wolakwa. Sanabe, sanamenye munthu, sanathyole chitseko. Wangoganiziridwa. Nanga woganiziridwa amakhala ndani? Wa pagalimoto saganiziridwa. Woganiziridwa ndi woyenda pansi, wosenza katundu, wovala zigamba.

Ife a ku Zomba nkhaniyi imatikhudza kuposa ena, chifukwa malamulo otere analembedwera pakhomo pathu. Dziko lino litalengezedwa kuti lili m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anasankha Zomba kukhala likulu lake, n'kukhala m'nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain zaka zochepa m'mbuyomo, ija ambiri timaidziwa kuti Hotel Masongola. Kunalibe nyumba ya malamulo, kunalibe aphungu. Mphamvu zinkachokera ku London kudzera m'chikalata chotchedwa Africa Order in Council cha 1889, ndipo Johnston, ndi Alfred Sharpe amene anamulowa m'malo mu 1896, ankalemba okha malamulo a mfuti, a mowa, a katundu wolowa m'dziko, a nyama zakutchire, a ziphaso ndi a msonkho. Kuyambira mu 1894 malamulowa ankasindikizidwa muno m'tauni m'nyuzi ya boma yotchedwa British Central Africa Gazette. Yonse inali m'Chingerezi. Anthu a kwa Malemia, kwa Mlumbe, kwa Chikowi, kwa Kuntumanji ndi kwa Mwambo lamulo ankalimvera kwa mesenjala, ndipo kawirikawiri ankalimva tsiku lomwelo limene awagwira nalo.

Sindikufuna kunama kuti zonse zimene zinalembedwa masiku amenewo zinali zoipa. Ndaphunzitsa ana mbiri ya dziko lino zaka zambiri, ndipo sindinawabisirepo kuti malonda a akapolo anali atasakaza midzi, kuti mfuti ndi wonga zinali paliponse, kuti mpaka mu 1895 kunali nkhondo ndi Kawinga kuphiri la Chikala, pafupi pomwepa. Pangano la ku Brussels la 1890, limene linachepetsa malonda a mfuti ndi mowa waukali m'zigawo zino za Africa, linali ndi chifukwa chake. Lamulo la zaufiti la 1911 linaletsa kumwetsa anthu mwabvi, ndipo palibe munthu wamaganizo abwino angalire kuti mwabvi ubwerere. Koma muziwerenga malamulowa mukudzifunsa kuti wotetezedwa ndi ndani, ndipo woopedwa ndi ndani. Yankho lake simulichedwera.

Tengani msonkho. Mu 1894 msonkho wa nyumba unali masheleni atatu pachaka. Munthu wa kumudzi anali ndi mapira m'nkhokwe, mbuzi m'khola, nsomba ku Chilwa, koma sheleni analibe, chifukwa ndalama imeneyo inali m'manja mwa azungu a minda ya khofi, ya thonje ndi ya fodya. Kuti aipeze anayenera kukawagwirira ntchito. Patapita zaka zochepa msonkho unakwezedwa, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankachotseredwa gawo lake. Ndiye kuti msonkho sunali wongosonkhetsa ndalama, unali chingwe chokokera anthu kumunda wa mzungu. Wolephera kulipira ankamutenthera nyumba, ndipo m'madera ena ankagwira mkazi wake mpaka mwamuna atulukire ndi ndalama. N'chifukwa chake agogo anga zitupa zija ankazisunga ngati mankhwala. Pamwamba pa msonkho panali thangata m'minda ikuluikulu, ndipo zimene zinachitika ku Magomero pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe anaukira, sizinagwe kuchokera kumwamba. Anthu anali atatopa ndi kukhala alendo panthaka ya makolo awo, kuvula chipewa pamaso pa mzungu aliyense, kufunsidwa pepala pokhota paliponse.

Zina zinkaoneka zazing'ono, koma zinkafika m'mbale ya munthu. Mu 1897 dera la nyanja ya Chilwa linalengezedwa kuti ndi malo otetezera nyama, ndipo kusaka nyama zikuluzikulu kunayamba kufuna laisensi imene mtengo wake unali wa matumba a azungu. Mlenje amene makolo ake ankasaka kumeneko chiyambire anadzuka m'mawa ali wakuba. Mu 1913 phiri la Zomba linakhala nkhalango yotetezedwa, ndipo kuteteza nkhalangoyo kunali kwanzeru, poti madzi a tauni yonse amachokera kumeneko, koma eni ake a m'tsinde mwa phiri sanafunsidwe. Mowa waukali wa m'mabotolo unali woletsedwa kwa munthu wakuda kwa zaka zambiri, pamene amayi otcheza kachasu ankasakidwa ngati agwape. Chilichonse chimene munthu wakuda ankachita kuti adye chinkasanduka chinthu chopempha chilolezo. Lipira, landira pepala, onetsa pepala. Ukalibe pepala, ndiwe mlandu woyenda.

Chilembwe atagonjetsedwa, boma linaona kuti asikari a ma DC sakukwanira, ndipo mu 1921 polisi ya dziko lonse, Nyasaland Police Force, inakhazikika, likulu lake lili kuno ku Zomba. Mphamvu zake zambiri zinaikidwa m'matauni ndi m'madera a minda ya azungu, chifukwa ndi kumene kunali chuma chofunika kulondera. Nyumba yokonza malamulo inakhazikitsidwa mu 1907, chaka chimene dzikoli linayamba kutchedwa Nyasaland, koma munthu wakuda woyamba kukhala pampando m'nyumbayo analowa mu 1949, ndipo anachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Zaka 42 zonsezo, wolankhulira anthu akuda anali mmishonale wachizungu. Khonsolo ya tauni ya Zomba inayamba mu 1900, ndipo nayonso pamipando yake panalibe munthu wakuda. Tsono mawu akuti bata, dongosolo ndi chitetezo cha anthu, mmene analembedwera masiku amenewo, ankatanthauza kuti a kumtunda agone bwino, ndipo a kumunsi akamaliza ntchito atsike asapezeke akuyendayenda. Ngakhale malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, oteteza nthaka, anabwera ndi chindapusa ndi ndende m'malo mwa kukambirana, mpaka anthu anadana ndi chinthu chimene chikanawathandiza.

Mu 1964 mbendera inasintha, koma madzi saiwala khwawa. Ife amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikukumbuka anyamata ovala zofiira ataima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankagula mchere. Msonkho wa mutu unapitirira mpaka mu 1993, ndipo amuna ankathawira m'chimanga akamva kuti a msonkho afika. Pepala linasintha mtundu, wolifunsa anasintha khungu, koma funso linali lomwe lija. Mu 2006, pamene mavenda anachotsedwa m'misewu ya m'mizinda, ntchitoyo inatchedwa Operation Dongosolo. Sindikutsutsa kuti misewu iyenera kuyendeka. Ndikungoti nthawi zonse tikatchula dongosolo, maso athu amayamba kugwera pa munthu wa dengu.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anatipatsa chida. Gawo 200 linalola malamulo akale kupitirira, koma gawo 5 linanena kuti lamulo lililonse lotsutsana ndi malamulo aakuluwa n'lopanda mphamvu, ndipo gawo 29 linapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda, wogwira ntchito ndi wopeza zofunika pamoyo kulikonse m'Malawi. Amene anatola chida chimenechi si ife ophunzira. Anali venda wa majumbo, Mayeso Gwanda, amene anagwidwa ku Blantyre mu 2015 akulawirira kumalonda ake mbandakucha. Mu Januwale 2017 bwalo lalikulu linagamula kuti ndime ya gawo 184 la Penal Code imene anamugwira nayo ikuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Mu Disembala 2020 bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Arusha, linanena kuti malamulo a vakabu m'maiko onse a Africa satsatira pangano la ufulu wa anthu la kontinenti ino. Ndipo mu 2022, kuno komwe ku Zomba, Justice Zione Ntaba anagamula pa mlandu wa amuna atatu ogwidwa ku Kasungu kuti chipikisheni chongokokolola aliyense wopezeka panja n'chosaloledwa, n'kupatsa boma ndi Nyumba ya Malamulo miyezi 24 kuti aunikenso gawo 184 lonse. Tsiku limene ndinamva chigamulo chimenechi ndinasangalala kuti tauni imene inabala lamuloli ndi yomwenso ikulidzudzula.

Komatu, olemekezeka, chigamulo chikakhala m'kabati ya kukhoti sichimuthandiza mayi amene wakhazikidwa pansi m'mbali mwa msewu 4 koloko m'mawa. Mwana wa mchemwali wanga sanamvepo za Gwanda. Sadziwa kuti womugwira ayenera kumuuza chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, sadziwa kuti gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati wogwidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ngakhale akanadziwa, kodi akanasankha chiyani pakati pa kugona m'chitokosi ana ali okha kunyumba ndi kumasula mfundo ya pachitenje? Mphamvu ya lamulo la vakabu siinali kukhoti chiyambire. Inali pamsewu, m'mantha a munthu wosadziwa chimene walakwa. Atsamunda anawonjezeranso gawo 185 la Penal Code, lopatsa majisitireti mphamvu yochotsa munthu m'tauni n'kumubweza kuboma la kwawo, ngati kuti tauni ndi bwalo la eni ake ndipo wosauka ndi mlendo amene nthawi yake yatha. Maganizo amenewo ndi amene ayenera kuzulidwa, m'mabuku ndi m'mitu yomwe. Aphungu, munasonyeza kuti n'zotheka mu 2022 pamene munachotsa mlandu wa mawu oukira boma, umenenso tinasiyiridwa ndi atsamunda. Umenewo unkavutitsa atolankhani ndi andale, anthu okhala ndi pokadandaula. Ogwidwa vakabu alibe wowaimbira foni.

Ndifike pa ziphaso, chifukwa ena angaganize kuti ndikufuna tauni ya chipwirikiti. Ayi ndithu. Wogulitsa nyama ayenera kuyezedwa, ndipo nyama yake iyenera kuonedwa ndi adokotala a ziweto. Woyendetsa njinga yamoto atanyamula mwana wa sukulu kumbuyo ayenera kudziwa malamulo a pamsewu ndi kuvala chipewa. Wogulitsa mowa asatsegule bala pakhomo pa sukulu. Chiphaso chotere ndi pangano: ine ndilipira ndi kutsata malamulo, inu mundipatsa malo, madzi, chimbudzi, kuchotsa zinyalala ndi chitetezo. Chiphaso cha atsamunda sichinali pangano. Chinali chipata, ndipo ntchito yake inali kusefa anthu. Funso langa kwa inu a khonsolo, amene lamulo la maboma ang'ono la 1998 linakupatsani mphamvu yopanga malamulo a mzinda, ndi ili: ziphaso zathu za lero zili mbali iti? Mayi wa matemba a ku Kachulu akadula tikiti ya msika tsiku ndi tsiku, azitha kuloza ndi chala kuti ndalama yake yagwira ntchito apa. Mnyamata wa kabaza akafuna kulembetsa njinga yake, mtengo ndi njira zake zikhale zoti munthu wopeza pang'onopang'ono angakwanitse, ngakhale molipira pang'onopang'ono. Chiphaso chikakhala chodula kuposa mpamba wa bizinesi, mwapanga anthu masauzande kukhala olakwa mwadala, ndipo wopindula ndi uja wolandira ndalama yopanda lisiti.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti pamene tikuthamangitsa mabeseni a mandasi, zinthu zoopsezadi miyoyo ya anthu zikuyenda momasuka. Makolo athu ankasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri, kukokolola milatho ndi kupha anthu. Nthawi imeneyo phirilo linali ndi mitengo. Lero yang'anani kuchokera ku Matawale kapena ku Chinamwali muone mmene lameteka. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza chimene madzi amachita akatsika paphiri lopanda mizu. Nyumba zikumangidwa m'mphepete mwa Likangala ndi m'makwawa amene akuluakulu onse amadziwa kuti ndi njira ya madzi. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu m'dziko muno chifukwa cha madzi oipa ndi zimbudzi zosowa. Covid atafika mu 2020, lamulo la zaumoyo limene boma linatsegula linali la 1948. Lamulo la 1911 lija limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma agogo okalamba akumenyedwabe ndi kuphedwa m'midzi, chifukwa lamulo lolembedwa m'chiyankhulo chimene anthu sawerenga silifika pabwalo la mfumu. Mayi wosenza mtolo wa nkhuni potsika phiri ndi wosavuta kumugwira, ndipo amagwidwadi. Mitengo yathunthu imene yatha m'phirimo sinatsike pamutu pa amayi.

Pempho langa kwa a Nduna ndi a Law Commission ndi loti mubwere kuno. Zida zonse zili pamtunda woyenda pansi. National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za dziko, ili muno, ndipo ngakhale moto wa mu 1919 unatentha maofesi a boma pamodzi ndi zikalata zambiri zoyambirira, ma Gazette ndi mabuku a malamulo alipo. Ndinakhalamo masiku angapo nditangopuma ntchito, ndikutembenuza mapepala ofiirira amene amathothoka m'makona ukawagwira mwamphamvu, ndipo ndinatuluka ndi chisoni kuti chuma chotere chikudalira denga ndi mwayi. Ajambulidwe, aikidwe pa intaneti, mwana wa sukulu ku Nsanje kapena ku Chitipa athe kuwawerenga. Nyumba yosindikiza mabuku a boma ili muno. Sukulu ya zamalamulo ya University of Malawi ili ku Chirunga, yodzaza ndi achinyamata amene angathe kutenga lamulo lililonse la bata, la ziphaso ndi la chitetezo limene tinalandira kwa atsamunda, n'kulilondola kumene linachokera, chifukwa chimene analilembera, ndi amene likuwagwira lero. Limene limagwira munthu chifukwa chongomuganizira lichoke lonse, osati kulisintha dzina. Limene limatetezadi moyo lilembedwenso m'mawu a lero ndipo ligwire aliyense, wa pansi ndi wa pagalimoto. Ndipo pokambirana zimenezi musakhale m'hotela ndi anthu a mataye okhaokha. Mupite ku Mpondabwino, ku Songani, ku Jali, ku Thondwe tsiku la msika, mukhale pabenchi, mumve kwa ogwidwawo.

Kwa inu a Meya ndi makhansala, changa n'chapafupi ndipo sichidikira Lilongwe. Malamulo a mzinda uno alembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, apachikidwe pachipata cha msika, kudepoti ndi m'maofesi a mawodi, pamodzi ndi mtengo wa chiphaso chilichonse ndi chindapusa chilichonse. Awerengedwe pawailesi, aperekedwe kwa mafumu ndi m'mipingo ndi m'mizikiti. Pakhale mawu omveka, olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, oti palibe ndalama yoperekedwa popanda lisiti, ndiponso oti katundu wolandidwa amalembedwa m'buku ndipo mwini wake amauzidwa kokamutenga. Mukhale pansi ndi akuluakulu a chitetezo, muwakumbutse anyamata awo kuti tauni ino imadzuka usiku: ophika, alonda, anamwino ochokera kuntchito, amayi opita kukapikula tomato, asodzi obwera ndi nsomba. Anthu amenewa akamaona yunifomu mumdima mtima uzikhala pansi, asamayang'ane kothawira. Muike magetsi m'njira zimene amayenda. Zomba inakhala mzinda mu 2008, ndipo mzinda ndi wa onse okhalamo, a ku Kalimbuka ndi a ku Chikanda chimodzimodzi.

Kulemba makalata kwa olamulira si chachilendo m'tauni ino. Levi Mumba ndi anzake a mabungwe a anthu akuda ankalembera bwanamkubwa ali muno m'zaka za m'ma 1920, mwaulemu koma mosabisa mawu, ndipo mu 1944 iye ndi James Sangala anali m'gulu la oyambitsa Nyasaland African Congress. Iwo ankalembera alendo amene sanawasankhe. Ine ndikulembera ana a dziko lino, amene tinaima pamzere dzuwa likuswa mtengo kuti tikuvotereni, ndipo ena mwa inu munaphunzira ndi ndalama ya mandasi ndi zitumbuwa za amayi anu.

Kachitini kaja ndaganiza zokapereka ku National Archives, kuti zitupa za agogo zikakhale pafupi ndi malamulo amene anazibala. Ndisanatero ndinamuonetsa mwana wa mchemwali wanga. Anatenga kapepala ka mizere itatu kaja, n'kukayang'ana nthawi yaitali, ine ndikumumasulira. Kenako anandifunsa ngati ndingamulembere kena kotere, poti ine ndinali mphunzitsi ndipo Chingerezi ndimachidziwa, kuti aziyenda nako m'mawa akamapita kudepoti. Anafunsa ndi mtima wonse. Sindinamulembere. Ndalembera inu, ndipo iye mawa adzuka 3 koloko monga mwa masiku onse.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chinamwali, Zomba